Kalata yotseguka kwa akuluakulu a zipani ndi a mipingo Kum'mawa: ndani akutisankhira oimira?

Olemekezeka apampando ndi alembi a zipani zonse m'chigawo chino cha Kum'mawa, pamodzi ndi inu mabishopu, abusa, ansembe ndi akulu a mipingo,

Ndakupatsani moni nonse mwaulemu. Ine ndine mphunzitsi wopuma pantchito, ndimakhala kuno ku Chipata, ndipo ndakhala mkulu wa mpingo zaka zoposa 20. Ndayamba ndi kudzitchula chonchi kuti pasapezeke wonena kuti kalatayi yalembedwa ndi munthu wodana ndi mapemphero. Ambiri a inu ndapemphera nanu, ena ndadya nanu nsima pamaliro, ena ndinakuphunzitsani muli ndi kabudula. Wakutsina khutu ndi mnansi, ndiye mundilole nditsine pang'ono.

Chandilembetsa ndi zimene zachitika mu wodi yathu pamene chipani china chinali kufuna munthu woti chimuimike pa ukhansala. Chipanicho sindichitchula, chifukwa anzanga a ku Katete, ku Lundazi ndi ku Petauke andiuza kuti matendawa salemekeza mtundu wa chitenje. Panali mayi wina amene tonse tinali kumuyembekezera. Ndiye anayenda khomo ndi khomo kulemba mayina kuti pempho la mjigo lifike ku komiti ya CDF, thumba la ndalama za chitukuko cha dera la phungu, ndipo mjigowo ulipo, tikumwa. Chaka cha chilala, mu 2024, ndiye ankadziwa nkhalamba iliyonse yogona ndi njala, ndipo mayina a amasiye akasowa pa mndandanda ankakangana ndi ogawa chimanga maso ndi maso. Tsiku losankha m'chipani, anthu anafola kumbuyo kwake mpaka mzere unatulukira pakhomo la kalasi. Patapita milungu iwiri, dzina limene linabwerako kuchokera kwa akuluakulu linali la munthu wina.

Ndinapita kukafunsa. Mkulu wina wa chipanicho, amene ndinamuphunzitsa masamu mu Giredi 7, anandilandira bwino, anandipatsa mpando wake, n'kutuma mwana kukagula chakumwa. Kenaka anatsitsa mawu: "Aphunzitsi, mayi uja tonse timudziwa, ndi wantchito. Koma sagulika. Abusa amukana." Ndinafunsa kuti abusa ake ati. Anatsegula kabati n'kutulutsa kalata ya tsamba limodzi, yosainidwa ndi anthu anayi, chidindo chili pansi. Milandu ya mayiyo inali itatu: anachoka pabanja, amavala thalauza akamakwera njinga yamoto, ndipo sadziwika kumene amapemphera. Za banjazo ife oyandikana naye tidziwa. Anachoka atagonekedwa m'chipatala kawiri chifukwa cha zibakera. Kupemphera amapemphera ndithu, koma ku katchalitchi kofolera udzu kamene m'busa wake sali m'gulu la anayi aja.

Amene anaikidwa m'malo mwake anapereka matumba a simenti ku matchalitchi atatu mwezi womwewo. Sindimuneneza china chilichonse, mwina ndi munthu wabwino. Koma pa maliro a mu wodi muno sitinamuonepo ngakhale kamodzi.

Dandaulo langa loyamba lili pa mawu amenewo akuti "sagulika", kutanthauza kuti anthu sangamuvotere. Inu a zipani mwakhulupirira kuti abusa angapo olankhula mokweza ali ndi mavoti a mpingo wonse m'thumba la jekete, ndipo mukuwaopa monga mmene mwana amaopera chilombo cha gule osadziwa kuti m'katimo muli amalume ake. Tiyeni tiwerenge bwino mbiri ya masankho athu. Mu 2001 abusa Nevers Mumba, mlaliki amene dziko lonse linkamuonera pa wailesi ya kanema, anaima pa upulezidenti n'kupeza mavoti pafupifupi 2 pa 100 alionse. A Godfrey Miyanda, amene Chikhristu chawo panalibe wochikayika, anapeza pafupifupi 8 pa 100. Mu 2011 malemu Michael Sata ananenedwa usana ndi usiku kuti akalowa m'boma adzaloleza maukwati a amuna okhaokha, koma anapambana. Malemu Edgar Lungu anakhazikitsa tsiku la mapemphero la pa 18 Okutobala mu 2015, anatsegula unduna woona za zipembedzo mu 2016 n'kuikapo abusa Godfridah Sumaili, ndipo panali ngakhale gulu lotchedwa Christians for Lungu. Mnzawo wopikisana naye, a Hakainde Hichilema, amene ndi mkulu mu mpingo wa Seventh-day Adventist, anakhala zaka zambiri akunenedwa kuti ndi wa satana. Pa 12 Ogasiti 2021 a Hichilema anapeza mavoti oposa 2.8 miliyoni, a Lungu oposa 1.8 miliyoni. Ovotawo ndi omwewa amadzaza matchalitchi Loweruka ndi Lamlungu. Atalowa m'kachipinda kovotera anakumbukira mtengo wa unga, ana awo okhala ndi masatifiketi m'sutikesi, ndi anyamata a chipani amene anali kulanda ndalama m'misika ndi m'masiteshi.

Amene akulamula lero asaganize kuti nkhaniyi ndi ya anzawo okha. Nawonso tikuwaona pa mabenchi a kutsogolo, makamera ali pambali. Mlimi wa ku Chadiza amene feteleza wake wafika chimanga chitamasula kale ngayaye adzavota ndi mkwiyo wa fetelezayo, kaya mtsogoleri anagwada pa guwa liti.

Ndiye mukamati munthu sagulika, mwafunsa yani? Amayi a Chigwirizano, a Dorika ndi a Legio, amene ndiwo amanyamula mpingo pamsana ndipo ndiwo amafola m'mamawa tsiku lovota, simunawafunse. Ambiri mwa omwe anafola kumbuyo kwa mayi uja anali amayi a mayunifomu amenewa.

Dandaulo lachiwiri ndi sikelo imene ikugwiritsidwa ntchito. Ikanakhala yoyeza kuba, kunama ndi kudya ndalama za CDF, ndikanaombera m'manja. Ndalama zimenezi zinakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse la phungu mu 2022, ndipo zakhala zikukwerabe. Munthu amene tikumuika pafupi ndi ndalama zotere tiyenera kumufunsa mafunso olemera: unasungapo chuma cha gulu liti, ndipo chinatha bwanji? Koma kalata ija inayeza banja, thalauza ndi dzina la tchalitchi. Ndiponso sikeloyi imapendekera mbali imodzi. Tonse tidziwa abambo okhala ndi nyumba yachiwiri ku Kapata ndi yachitatu ku Mchini amene amalandiridwa ndi kwaya pachipata, n'kusanjikidwa manja kuti ndi odzozedwa. Mayi akakhala wosakwatiwa akuti ndi wosakhazikika, akakhala wamasiye akuti anadya mwamuna, akachoka pabanja akuti adzaphunzitsa ana athu chiyani. Ndi chifukwa chake mwa aphungu 156 osankhidwa mu 2021 amayi sanafike ngakhale gawo limodzi mwa magawo asanu, m'dziko limene lakhala kale ndi amayi awiri, a Inonge Wina ndi a Mutale Nalumango, pa mpando wa wachiwiri kwa pulezidenti. Ndipo izi zikuchitika kuno, kwa Achewa ndi Ansenga, kumene ufumu umadzera kwa mayi ndipo mbumba ndiyo imanong'oneza dzina la wolowa ufumu.

Lachitatu ndi limene limandisowetsa tulo: chizolowezi chonena wopikisana naye kuti ndi wa satana. Sichinayambe lero. Ife achikulire tikumbuka mu 1991 mmene malemu Kenneth Kaunda, mwana wa mlaliki wa ku Lubwa, ananenedwera kuti walowetsa mizimu yachilendo ku State House chifukwa cha ubwenzi wawo ndi a Ranganathan, mlangizi wa zauzimu wochokera ku India. Chiyambire pamenepo mawuwa asanduka nkhwangwa imene aliyense amabwereka nthawi ya kampeni. Akulu anzanga, mawu otere akatuluka pa guwa sabwerera. Kumayambiriro kwa 2020, nthawi ya mphekesera zoti pali anthu opopera gasi m'nyumba za anzawo, anthu makumi angapo anaphedwa ndi magulu a anthu okwiya, ena kutenthedwa, chifukwa chongoganiziridwa. Mlendo wofunsa njira madzulo anali pangozi. M'dziko limene linaona zotere, kunena pa maikolofoni kuti wakutiwakuti amamwa magazi ndi kuika machesi m'manja mwa mwana pafupi ndi nkhokwe.

Tsono Kum'mawa kuno si kwa mpingo umodzi. Mu Chipata muno mawu oitanira ku mzikiti amamveka m'bandakucha belu la tchalitchi lisanalire, ndipo Asilamu, akuda ndi amwenye omwe, amalipira misonkho, amalemba anthu ntchito, amavota. Mwana wawo akafuna ukhansala, kodi nayenso adzabweretse kalata ya abusa? Nanga wa kumudzi amene amapita ku dambwe, amene gule wake tonse timakaonerera ku Mkaika mu Ogasiti pa Kulamba, andale ali pa mipando ya kutsogolo akuponya ndalama, akafuna kuima asanduke wosayenera? Malamulo aakulu a dziko lino, pamalo pomwe akunena kuti Zambia ndi dziko la Chikhristu, akunenanso m'chiganizo chomwecho kuti ufulu wa munthu wa chikumbumtima ndi chipembedzo uyenera kutetezedwa. Ndime 60 ikuletsa chipani kukhazikitsidwa pa maziko a chipembedzo kapena mtundu, ndiponso ikuletsa kukopa anthu pogwiritsa ntchito zimenezi. Chigawo chino chidziwa bwino zotsatira za kusakaniza khadi la chipani ndi chikumbumtima. Mu 1972 a Mboni za Yehova zikwizikwi anathawa ku Malawi chifukwa chokana kugula makadi a chipani, n'kudzakhala mu msasa wa Sinda Misale, ndipo ambiri anafera komweko. Makolo athu anawaona ndi maso akudutsa ndi mitolo pamutu.

Dandaulo lachinayi ndilankhula ndi inu, abusa anzanga m'ntchito ya Mulungu, ndipo ndilankhula ndi manyazi chifukwa nanenso ndinaombapo m'manja. Lamlungu lina tinalandira "mlendo wolemekezeka". Kwaya inaimitsidwa pakati pa nyimbo. Gogo wina amene wakhala pa benchi yachiwiri kwa zaka zonse anasunthidwa kuti anthu a mlendoyo akhale. Ulaliki unadulidwa, mlendo anapatsidwa mphindi zisanu zimene zinakhala theka la ola, ndipo pomaliza anatulutsa envulopu yofiirira n'kuikweza m'mwamba kuti onse aione asanaipereke. Tinaimba, tinavina. Malata tinagula, ndivomereza, denga silidonthanso. Koma miyezi ingapo pambuyo pake, pamene anyamata a mlendoyo anamenya mnyamata wa mu kwaya yathu yomweyo chifukwa chovala sikipa ya chipani china, palibe mmodzi wa ife akulu anatsegula pakamwa. Tinali kuyang'ana malata. Malemba omwe timawerengawa amatichenjeza za kupereka mpando wabwino kwa wovala mphete yagolide n'kuuza wosauka kuti aime kumbuyo, ndipo tsiku limenelo tinachita ndendende zomwezo.

Kukana n'kotheka, ndipo chitsanzo chili pakhomo pompano. Kumayambiriro kwa 2021, masankho ali pafupi, boma litalengeza thumba la ndalama zothandizira mipingo pa nthawi ya Covid-19, Bishopu George Lungu wa dayosizi ya Chipata anauza maparishi ake kuti asalandire. Maparishiwo sanali olemera. Anaona kuti dzanja limene lalandira silingathenso kuloza.

Ndisamveke ngati ndikuti mpingo uchoke m'nkhani za dziko. Ayi ndithu. Kuyambira pamene amishoni anamanga msasa ku Magwero mu 1899, mpingo ndiwo waphunzitsa ndi kuchiza chigawo chino: sukulu za osaona ndi osamva ku Magwero komweko, chipatala cha St Francis ku Katete, cha Mwami kufupi ndi malire. Mu 1991 ndi mipingo imene inakhazika a Kaunda ndi a Chiluba pamodzi mu tchalitchi chachikulu cha Anglican ku Lusaka kuti dziko lisagawike. Mu 2001, pamene a Frederick Chiluba, omwe aja analengeza pa 29 Disembala 1991 kuti dziko lino ndi la Chikhristu, anafuna kulamula kachitatu, mabungwe atatu aakulu a mipingo anagwirizana ndi maloya ndi mabungwe a amayi mu Oasis Forum n'kuwakaniza, pamene abusa ena anali kuwapempherera kuti apitirize. Malemu Kadinala Medardo Mazombwe, amene anali bishopu wa Chipata zaka zambiri, anamenyera nkhondo yoti ngongole za dziko zikhululukidwe. Mpaka lero a CCMG, gulu la mipingo loyang'anira masankho, amaika anthu m'malo ovotera kuti awerenge okha zotsatira. M'zonsezi mpingo unaimirira m'malo mwa anthu onse, ndipo unali ndi mphamvu chifukwa sunali m'thumba mwa munthu. Abusa anayi olemba kalata yotchingira mayi mmodzi akuchita ntchito ina, ndipo akuichita m'dzina lathu tonse osatifunsa.

Dandaulo lachisanu, ndilo lomaliza, ndi nkhani zimene oimira athu akuopa kuzitchula. Kafukufuku wa zaumoyo wa mu 2018 anapeza kuti atsikana 29 pa 100 alionse a zaka 15 mpaka 19 m'dziko muno anali atabereka kale kapena ali ndi pakati, ndipo Kum'mawa kuno chiwerengero chinali chokwera kuposa pamenepo. Ine sindifunikira kafukufuku. Ndinkaitana mayina m'kalasi, ndipo temu iliyonse pankakhala dzina limene silinayankhidwe. Ndondomeko yolola mtsikana kubwerera kusukulu atabereka ilipo kuyambira 1997, ndipo lamulo la mu 2023 linaletsa ukwati wa munthu wosakwana zaka 18, ngakhale wa pachikhalidwe. Mafumu, monga Kalonga Gawa Undi ndi a Madzimawe, alankhula poyera za maukwati a ana. Koma tafunsani woimira chipani chilichonse pa msonkhano kuti aganiza chiyani za kuphunzitsa ana za matupi awo, kapena za mtsikana wa zaka 16 amene wapita kuchipatala kukafunsa za kulera. Ayamba kutsokomola n'kulankhula za misewu. Adziwa kuti akayankha moona mtima, Lamlungu likubwerali dzina lake litchulidwa pa guwa. Makolo ali ndi ufulu wofunsa zimene zili m'mabuku a ana awo, ndipo ine ndemwe masamba ena sindigwirizana nawo. Koma tikambirane masambawo, buku lili pa tebulo, aphunzitsi, anamwino, anamkungwi ndi abusa ali pamodzi. Kungokhala chete sikunabweze mwana ndi mmodzi yemwe m'kalasi.

Choncho, mwaulemu, ndikupempha izi.

1. Inu a zipani, lembani poyera zimene mumayang'ana posankha woimira, muzimate pa khomo la ofesi ya chipani m'boma lililonse, m'Chinyanja, m'Chitumbuka ndi m'Chingerezi. Banja la munthu, kavalidwe kake ndi mpingo wake zisakhalepo.

2. Amene wapambana pa masankho a m'munsi akakanidwa ndi akuluakulu, apatsidwe chifukwa cholembedwa, ndipo anthu amene anamufolera auzidwe pa msonkhano. Ngati pali kalata yomuneneza, aione ndi kuiyankha. Ngakhale pabwalo la amfumu munthu saweruzidwa asanalankhule.

3. Chipani chilichonse chilange membala wake wonena mnzake kuti ndi wa satana, mfiti kapena wosapembedza, ndipo chisadikire kuti bungwe loyendetsa masankho la ECZ kapena apolisi ayambe ndiwo. Mawailesi a kuno asaulutse mawu otere, ngakhale wolipira pulogalamu ndi yemweyo.

4. Inu a mabungwe aakulu a mipingo, CCZ, EFZ ndi ZCCB, pamodzi ndi magulu a abusa a m'maboma, gwirizanani pa lamulo limodzi la chigawo chino: wandale akabwera kudzapemphera akhale pa benchi monga wina aliyense, asapatsidwe maikolofoni, ndipo chopereka chake chilowe m'mbale mwakachetechete. Kampeni ikayamba, mphatso zikuluzikulu zidikire mpaka masankho atapita. Wopereka ndi mtima woona adzabweranso mu Seputembala.

5. M'busa amene akufuna kuchemerera chipani ali ndi ufulu monga nzika. Avule kolala, alankhule m'dzina lake, ndipo asagwiritse chidindo cha mpingo.

6. M'malo mwa makalata a m'kabati, mipingo ikonze misonkhano ya poyera mu wodi iliyonse, oimira onse akhale pa benchi imodzi, Asilamu ndi mafumu aitanidwe, ndipo mafunso achokere kwa anthu: feteleza, misika ya soya ndi fodya, mankhwala m'zipatala, msewu wa ku Vubwi, madesiki, ndi atsikana osiya sukulu.

7. Chipani chimene chadzizindikira m'nkhani ya mayi uja chibwerere ku wodi yathu, chiitane anthu amene anafola tsiku lija, chiwawerengere kalata ya anthu anayi aja mokweza, n'kumva chimene adzayankhe.

Inu owerenga amene kalatayi yakupezani pa foni, itumizeni kwa apampando a chipani chanu ndi kwa abusa anu, ndipo ngati mu wodi yanu zinachitikanso, nenani.

Ndisanaitumize ndinapita kukamuwerengera mayi uja. Ndinamupeza pa mjigo ndi kabuku kake, akulemba mayina a amene apereka K5 yogulira mphira yatsopano, chifukwa pampu yayamba kutaya madzi. Anamvetsera mpaka kumapeto, n'kundipempha chinthu chimodzi, kuti ndichotse dzina lake chifukwa ana ake akali pasukulu. Ndachotsa.

Zikomo kwambiri.

Ine wanu,
Mphunzitsi wopuma pantchito ndi mkulu wa mpingo,
Chipata